Sikelo, lisiti ndi chenji: zoti muganizire musanasinthe kauntala ya shopu ya maswiti ku Mangochi

Achemwali anga ali ndi shopu ya maswiti, mabisiketi ndi makeke kufupi ndi msika wa pa boma pano pa Mangochi, ndipo Loweruka lililonse ndimakhala nawo pa kauntala. Kumeneko ndiko ndidaonera mmene ndalama zimatayikira m'malonda a zotsekemera. Mwana wabwera ndi K500, mwamuwerengera maswiti ake, mwaponyamo imodzi ya banyira poti amayi ake mumadziwana nawo. Mayi wina akufuna magalamu 250 a tofi wa pa chinkhoswe, muvi wa sikelo wadutsa pang'ono, inu mukuti basi tengani. Chenji chasowa, mwabweza chingamu osalemba paliponse. Pofika madzulo mabotolo apepuka, koma ndalama za m'kabati sizikugwirizana ndi kupepukako, ndipo palibe amene waba.

Masiku ano ogulitsa makina ayamba kufika mpaka kuno, ena ndi masikelo owala manambala, ena ndi matabuleti osindikiza malisiti. Zonse ndi zokongola m'katoni. Koma shopu ya maswiti si golosale ya ufa ndi simenti. Ife timagulitsa tinthu ting'onoting'ono, kambirimbiri patsiku, ndipo phindu lathu lili m'magalamu ochepa ndi m'makwacha ochepa. Choncho ndikuyika poyera maganizo anga kuyambira pano: chinthu choyamba kugula ndi sikelo yoyenerana ndi kulemera kwa zimene mumagulitsa. Zinazo zimabwera pambuyo, ndipo ena sadzazifuna n'komwe.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Pansipa ndiyerekeza njira zinayi zoyendetsera kauntala, iliyonse pa miyeso inayi. Woyamba ndi mtengo, koma osati wogulira wokha. Pafupifupi makina onsewa amachokera kunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene mitengo idadumphira ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapepala a malisiti, malebulo ndi mabatire nawonso amatsata dola. Njira yabwino yowerengera ndi kudzifunsa kuti chinthuchi chidya phindu la miyezi ingati, ndipo mwezi uliwonse chizifuna zingati kuti chiziyenda.

Wachiwiri ndi kapezekedwe. Chinthu chimene chikawonongeka muyenera kukwera nacho minibasi kudutsa pa Liwonde ndi pa Zomba kukafika ku Limbe si chimodzimodzi ndi chimene mnyamata wokonza mafoni pa msika angathe kuchitsegula.

Wachitatu ndi kasamalidwe, ndipo apa Mangochi ali ndi zake. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'shopu ya malata, fumbi la mumsewu, chinyezi cha m'mbali mwa Shire ndi nyanja, nyerere ndi mphemvu zotsata shuga, komanso kuthimathima kwa magetsi. Amene anali m'bizinesi mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, sakufunika kuuzidwa kuti makina odalira soketi okha amatha kusanduka chokongoletsa.

Wachinayi ndi zoopsa, kuphatikizapo malamulo. Sikelo yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi kutsimikizidwa ndi a Malawi Bureau of Standards (MBS), amene ali ndi udindo umenewu pansi pa lamulo la Metrology Act la 2016. Amene analembetsa msonkho wa VAT alinso ndi udindo wopereka malisiti ovomerezedwa ndi bungwe lotolera misonkho la MRA.

Njira yoyamba: kuwerenga ndi manja, sikelo ya muvi kapena ya miyala, ndi kope

Iyi ndi imene ambiri tili nayo kale. Maswiti amagulitsidwa imodzi imodzi kuchokera m'botolo, zoyeza zimayezedwa pa sikelo ya muvi, ndalama zimalowa m'kabati kapena m'chitini, ngongole zimalembedwa m'kope.

Mtengo. Ndi yotchipa kuposa zonse, ndipo ikagulidwa sifunanso kanthu kupatula cholembera ndi ndalama yoyezetsera.

Kapezekedwe. Masikelo a muvi amapezeka m'mashopu a hadiweya pa boma pompano, ngakhale ku Monkey Bay ndi ku Namwera mutha kuwapeza. Sikelo ya miyala, ija ya mbale kwina miyala kwina, yayamba kusowa, koma amene ali nayo asaitaye.

Kasamalidwe. Kupukuta mbale ndi kubweza muvi pa ziro m'mawa uliwonse. Ya miyala imafuna kuti miyalayo isachite dzimbiri, isagwe pa simenti, ndipo ana asamasewere nayo.

Zoopsa. Mkati mwa sikelo ya muvi muli chitsulo chopotana chimene chimatambasuka katundu akaikidwa. Chitsulochi chimatopa ndi zaka, ndipo kutentha kumachisinthanso pang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti masikelo ambiri a muvi ali ndi timizere totalikirana magalamu 50 kapena 100. Kuyeza magalamu 100 a maswiti pa sikelo yotere ndi kungoyerekeza ndi maso. Komanso muvi umaoneka mosiyana malingana ndi mbali imene mwaima, ndiye wogula aona zina, inu muona zina, mkangano n'kuyamba. Sikelo ya miyala ilibe vuto limeneli, ndipo sifuna magetsi, koma imachedwetsa pamene ana a sukulu aweruka n'kudzaza pakhomo.

Njira yachiwiri: sikelo ya batire yowerengera yokha mtengo

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagula molakwitsa. Sikelo imeneyi ili ndi mazenera atatu a manambala: kulemera, mtengo wa kilo, ndi ndalama zoti wogula alipire. Manambala amaoneka mbali zonse ziwiri, kwa inu ndi kwa wogula. Mkati mulibe chitsulo chopotana, muli kachitsulo kolimba kamene kamapindika pang'ono kwambiri, ndipo tizingwe tomatidwa pamenepo timasandutsa kupindikako kukhala manambala.

Musanafunse mtengo, werengani kachikwangwani kamene kali pafupi ndi manambala kapena m'mbali. Pamalembedwa zinthu zitatu: Max, Min ndi e. Max ndi katundu wolemera kwambiri amene sikeloyo inganyamule. Chilembo cha e chikusonyeza sitepe ya sikeloyo, kutanthauza kuti manambala amadumpha magalamu angati. Min ndi kulemera kochepa kwambiri kumene sikeloyo ndi yoyenera kuyeza pa malonda, ndipo pa masikelo a m'mashopu kumakhala e kuchulukitsa ka 20. Ndiye sikelo ya makilo 30 kapena 40 imene e wake ndi magalamu 10 siyenera kuyeza chinthu chosakwana magalamu 200. Sikelo ya makilo 6 imene e wake ndi magalamu 2 imayamba pa magalamu 40.

Achemwali anga poyamba adagula yaikuluyo, ya makilo 40, chifukwa wogulitsa adawauza kuti yaikulu ndiyo yamphamvu. Pa mpunga ndi nyemba ndi yabwinodi. Koma ndidaima nawo tsiku lina tikuyeza maswiti a mpira, ndikuponya imodzi imodzi m'mbale. Yoyamba manambala sadasunthe, yachiwiri sadasunthe, yachitatu n'kudumpha kamodzi magalamu 10. Tiyerekeze kuti kilo mukugulitsa K10,000. Magalamu 5 opitirira pa wogula mmodzi ndi K50. Ogula 40 patsiku ndi K2,000, ndipo masiku 26 a mwezi ndi K52,000. Kulakwitsa kwa sikelo kumagwera mbali zonse, nthawi zina wogula ndiye amaluza, koma dzanja la wogulitsa wamanyazi nthawi zambiri limapendekera kwa kasitomala.

Mtengo. Pali mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Zotchipa zopanda dzina lodziwika, zambiri zolembedwa ACS, munthu wa okala atha kuzikwanitsa. Za makampani odziwika monga CAS, Digi kapena Avery Berkel zimadula kangapo kuposa pamenepo, koma zimasunga muyeso nthawi yaitali ndipo zili ndi malo omatapo chidindo cha oyesa masikelo. Onjezani ndalama yoyezetsera ndi batire latsopano likafooka.

Kapezekedwe. Zotchipazo zimafika mpaka kuno, koma zambiri ndi za makilo 30 ndi 40 chifukwa ogulitsa amaganizira a nsomba, a nyama ndi ogula mbewu. Ya makilo 6 kapena 15 mungafunike kukaifuna ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Poti ambiri timapita kale ku Limbe kukaoda makatoni, ndi bwino kuphatikiza ulendo. Funsani wogulitsa ngati mtundu umenewo a MBS amauvomereza pa malonda, ndipo alembe zimenezo pa lisiti. Tisikelo tating'ono ta kukhitchini toyezera ufa wa keke ndi tabwino pophika, koma sitinapangidwire malonda, ndipo ena amachita kulembedwa choncho pansi pake.

Kasamalidwe. Zambiri zili ndi batire lotchaja mkati, la mtundu wofanana ndi la njinga yamoto koma laling'ono, ndipo likadzaza limatha kugwira ntchito masiku angapo. Batire la mtundu umenewu limafa msanga mukamalisiya kuti lithe mpaka sikelo izime yokha, choncho muzitchaja magetsi akangobwera. Sankhani ya manambala akuda pa galasi lotuwa m'malo mwa ya manambala ofiira owala, chifukwa ofiirawo amadya batire ndipo saoneka bwino masana pakhonde. Sikelo ikhale pa malo athyathyathya. Pali kadontho ka mpweya m'kagalasi kozungulira, muzipotokola miyendo mpaka kadonthoko kakhale pakati. Fani isaombe pa mbale, chifukwa mphepo imasuntha manambala. Masikelo ambiri amalembedwa kuti amagwira bwino mpaka madigiri 40, ndiye musaike pa zenera pamene dzuwa la masana limaomba. Madzulo chotsani mbale, pukutani shuga yense ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo vindikirani. Nyerere ndi mphemvu zikalowa mkati zimamanga pa bolodi la zamagetsi, manambala n'kuyamba kuyendayenda okha.

M'mawa uliwonse yesani sikelo yanu. Njira yapafupi ndi kusunga paketi imodzi yosatsegula ya shuga wa kilo, kuilemba chizindikiro, n'kumaiika pakati pa mbale ndi m'makona anayi. Ngati manambala akusiyana kona ndi kona, kapena asiyana ndi a dzulo, pali vuto. Kuyesa kumeneku sikulowa m'malo mwa a MBS, kumangokuchenjezani msanga.

Batani la TARE ndilo lofunika kuliphunzitsa aliyense wogwira kauntala. Ikani kaye jumbo kapena mbale yopanda kanthu, dinani TARE kuti manambala abwerere pa ziro, kenako thirani maswiti. Wogula asalipire pulasitiki pa mtengo wa chokoleti.

Palinso ntchito ina imene ambiri saidziwa. Ngakhale mumagulitsa maswiti imodzi imodzi, sikelo yabwino imakuwerengerani sitoko. Yezani botolo lililonse m'mawa ndi madzulo, lembani m'kope. Mukadziwa kulemera kwa switi imodzi, kusiyana kwa m'mawa ndi madzulo kukuuzani kuti zatuluka zingati, ndipo mudziwa ndalama zoyenera kukhala m'kabati. Masikelo ena ali ndi batani lowerengera tinthu, mumangoika maswiti 20 poyamba kuti iphunzire kulemera kwake. Ndi mmene tidadziwira kuti mapaketi ena amene tinkaoda sankakwana chiwerengero chimene tinkaganiza, ndipo mtengo wa switi imodzi tinkauika motsika.

Zoopsa. Kugwa pansi kamodzi kokha, kapena kuika katoni yolemera kuposa Max, kutha kupinda kachitsulo ka mkati osabwereranso. Zotchipa kwambiri zina zimasinthika muyeso ndi mabatani okha, ndipo wantchito wosakhulupirika atha kuphunzira zimenezo. Sikelo yopanda chizindikiro cha MBS itha kukugwetsani m'mavuto oyendera akafika. Komanso kumbukirani kuti sikelo imeneyi sisunga mbiri ya malonda anu, kope likufunikabe.

Njira yachitatu: foni kapena tabuleti yokhala ndi pulogalamu yogulitsira

Apa mumalowetsa katundu yense ndi mitengo yake m'pulogalamu, ndipo wogula akabwera mumadina chithunzi cha chinthucho kapena kujambula timizere takuda ta pa paketi (barcode). Pulogalamu imawonkhetsa, imachotsa pa sitoko, ndipo madzulo imakuuzani zimene zagulidwa. Imodzi yodziwika ndi Loyverse, imene mbali zake zoyambira ndi zaulere ndipo imapitiriza kulemba malonda netiweki ikasowa, n'kudzatumiza ikabwera. Mutha kulumikiza kamakina kakang'ono kosindikiza malisiti kudzera pa Bluetooth. Palinso makina onga foni yaikulu, monga a Sunmi, amene chosindikizira chili momwemo.

Mtengo. Ngati muli kale ndi foni ya Android, poyambira ndi potsika. Zodya ndalama mwezi ndi mwezi ndi bandulo ya intaneti, mapepala a malisiti, ndi zolipira za pulogalamu mukafuna mbali zina monga kupatsa wantchito aliyense nambala yake yolowera. Zolipirazo nthawi zambiri zimakhala za madola ndipo zimafuna khadi la kubanki.

Kapezekedwe. Foni ndi tabuleti zili ponseponse, okonza aliponso. Tosindikizira ndi mapepala ake muyenera kusunga ochuluka kuchokera ku tauni. Mapepala ali a mamilimita 57 kapena 58 ndi a 80, onetsetsani kukula kwa anu musanagule katoni.

Kasamalidwe. Ntchito yaikulu si ya makina, ndi ya munthu. Mitengo ikasintha ku holoselo muyenera kusinthanso m'pulogalamu, katundu watsopano akafika muyenera kumulowetsa tsiku lomwelo. Mukalekerera sabata ziwiri, manambala a sitoko amakhala bodza. Mapepala a malisitiwa salembedwa ndi inki, amada ndi kutentha, choncho kuno akasiyidwa pa dzuwa amada onse, ndipo lisiti losungidwa m'kabati yotentha limafufutika pakapita miyezi. Lisiti lofunika lijambuleni pa foni.

Zoopsa. Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene munthu wadina. Nthawi ya ana a sukulu, pamene manja khumi akutambasula ma K100 nthawi imodzi, palibe amene angadine switi iliyonse. Ife tidapeza njira yathu: maswiti a m'mabotolo timawatsata ndi sikelo m'mawa ndi madzulo n'kulowetsa chiwonkhetso kamodzi, pomwe mabisiketi, chokoleti, Kamba Puffs, zakumwa ndi makeke timadina chimodzi chimodzi. Foni ndi yosavutanso kuba pa kauntala, ndipo ngati ndi yomweyo imene mumayankhira WhatsApp ya abale, tsiku lina mudzachoka nayo kumaliro shopu n'kutsala yopanda kaundula. Dziwaninso kuti lisiti la pulogalamu wamba si lisiti la msonkho.

Njira yachinayi: sikelo yosindikiza lebulo, sikana ndi kompyuta ya pa kauntala

Iyi ndi ija mumaiona m'masupamaketi a m'tauni. Wogulitsa amayeza, kudina nambala ya katundu, sikelo n'kutulutsa lebulo yomata yokhala ndi dzina, kulemera, mtengo, tsiku ndi timizere. Timizereto timayamba ndi nambala 2, imene idasungidwira katundu woyezedwa m'shopu momwemo, ndipo kulemera kapena mtengo umabisika m'manambala otsatira. Wolandira ndalama amangodutsitsa pa sikana.

Mtengo. Ndi yodula kwambiri pa zonse. Sikelo yokha imaposa njira yachiwiri ndi yachitatu kuphatikiza, ndiye pali kompyuta, sikana, kabati yotseguka yokha, pulogalamu, munthu wodzaika, ndi magetsi osungira monga invetala ndi mabatire kapena sola.

Kapezekedwe. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kwa makampani ochepa. Malebulo ali ndi kukula kosiyanasiyana ndipo a kampani ina nthawi zina sakwana pa sikelo ya kampani ina.

Kasamalidwe. Mutu wosindikizira umafuna kupukutidwa kawirikawiri, ndipo fumbi losakanikirana ndi shuga limaupha msanga. Guluu wa malebulo amafewa ndi kutentha n'kumamatira m'kati. Musanalipire, gwirizanani polemba kuti katswiri adzabwera ku Mangochi pakatha masiku angati mukamuitana, ndipo ndani alipira thiransipoti yake.

Zoopsa. Chimodzi chikaima, zonse zimaima. Musataye sikelo yaing'ono ndi kope. Ubwino wake weniweni, umene sindingaukane, uli kwa amene amapakira: mukagula maswiti a m'thumba lalikulu n'kumagawa m'timapaketi ta magalamu 100 ndi 250, lebulo yosonyeza kulemera ndi tsiku lothera imapatsa wogula chikhulupiriro, ndipo malo ogona alendo sangavute kulandira katundu wotere. Komanso woyeza ndi wolandira ndalama akakhala anthu awiri osiyana, kuchitirana chinyengo kumavuta.

Kalandiridwe ka ndalama, kamene kamayenda ndi njira iliyonse mwa izi

Vuto la chenji tonse tikulidziwa. Munthu abwera ndi K5,000, ndalama imene idatuluka mu 2022, kudzagula chingamu, pomwe ma K20 ndi ma K50 akusowa kapena ndi ong'ambika. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimathetsa zimenezi kwa akuluakulu, ngakhale ana azibwerabe ndi ndalama m'manja.

Pa mtengo ndi kapezekedwe, ndalama za pa foni ndiye zapafupi. Chofunika ndi kutsegula nambala ya bizinesi yolandirira malipiro m'malo mogwiritsa ntchito nambala yanu ya masiku onse. Ndalama za shopu zikasakanikirana ndi za fizi ndi za chithandizo cha kumudzi, simudzadziwa ngati shopu ikupindula. Funsani bwino zodulidwa polandira, potulutsa kwa ejenti ndi posamutsira kubanki, chifukwa pa switi ya phindu laling'ono kudulidwa kulikonse kumamveka. Khalani ndi manambala a makampani onse awiri, netiweki ina ikagwa ina imagwira.

Choopsa chachikulu ndi uthenga wabodza. Tsiku lina la Loweruka mnyamata wovala bwino adatenga makatoni awiri a mabisiketi, nandionetsa foni yake kuti ndalama zapita. Foni ya shopu idaliradi, uthenga n'kulowa, koma unachokera pa nambala wamba, wolembedwa mofanana ndi wa kampani. Adatipulumutsa ndi achemwali, amene adati, achimwene dikirani kaye ndione balansi. Balansi inali yomwe ija ya m'mawa. Kuchokera tsiku limenelo katundu satuluka tisanaone balansi pa foni ya shopu, kaya wogulayo ndi ndani, ndipo nambala yachinsinsi amaidziwa mwini shopu yekha.

Makina a khadi a kubanki amapemphedwa ku banki imene muli ndi akaunti ya bizinesi, ndipo mabanki akuluakulu ali ndi nthambi pa boma. Chifukwa cha Natswitch, imene imalumikiza mabanki a m'dziko muno, makina a banki imodzi amalandira makhadi a mabanki ena. Banki imadula kagawo pa malonda aliwonse, ndalama zimalowa mu akaunti osati m'manja, ndipo makinawo amafuna netiweki ndi kutchaja. Kwa shopu ya m'mudzi ndi katundu wongosungitsa. Kwa amene ali pa msewu wopita ku Nkopola, Makawa, Monkey Bay ndi Cape Maclear, kumene alendo a kumapeto kwa sabata ndi a misonkhano ya m'mahotela amaima kugula zopita nazo kunyanja, makinawa amagulitsa katundu amene akanatsala.

Za msonkho mwachidule. Mu 2014 olembetsa VAT adayamba kupereka malisiti a makina a msonkho otchedwa EFD, kenako a MRA adabweretsa njira ina yotchedwa Electronic Invoicing System yolowa m'malo mwake. Ngati munalembetsa VAT, kapena malonda anu akula mpaka kuyandikira pamenepo, pitani kaye ku ofesi ya MRA mukafunse kuti ndi pulogalamu ziti zimene zikugwirizana ndi njira yawo musanagule kompyuta kapena tabuleti. Ndi zowawa kulipira makina kawiri.

Ndani atenge chiyani

Ngati muli ndi okala kapena tebulo pafupi ndi sukulu, mumagulitsa nokha, ndipo zonse ndi za imodzi imodzi, musagule makina ogulitsira. Kope, nambala ya bizinesi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi kuwerenga paketi iliyonse mukaitsegula, n'zokwanira. Ndalama imeneyo ikhale mpamba wa katoni ina.

Ngati mumagulitsa zoyeza, monga maswiti osakaniza a pa ukwati, pa chinkhoswe, pa chinamwali ana akamatuluka ku ndagala, kapena pa Eid pamene mabanja ambiri kuno amagula zogawira ana, tengani sikelo ya batire ya makilo 6 yokhala ndi e wa magalamu 2, yotsimikizidwa ndi a MBS. Ngati mumagulitsanso shuga, ufa wa tirigu ndi zipatso za tende za mwezi wa Ramadan pa makilo, ya makilo 15 yokhala ndi e wa magalamu 5 ndiyo ya pakati, bola zimene mumayeza zisamachepere magalamu 100.

Ngati muli ku Makanjira, ku Katuli kapena kwina kumene magetsi ndi netiweki ndi zosadalirika ndipo wokonza ali kutali, sikelo ya batire yotchajira pa sola ikwanira, koma sungani ya miyala pansi pa kauntala.

Ngati mwalemba wantchito ndipo simukhala pa shopu tsiku lonse, phatikizani sikelo ya batire ndi foni ya shopu yokha yokhala ndi pulogalamu, ndipo kuyeza mabotolo m'mawa ndi madzulo kukhale lamulo, wantchito ndi inu nonse mukuona manambala. Kachosindikizira malisiti kangadikire mpaka makasitomala ayambe kukufunsani malisiti.

Ngati mumaphika makeke a maoda ndi masikono, muli ndi zosowa ziwiri zosiyana: kasikelo ka kukhitchini koyezera zosakaniza, ndi pulogalamu kapena kope losunga maoda, ndalama zoyambira ndi tsiku lodzatenga. Sikelo ya malonda simuifuna pokhapokha ngati mumagulitsa pa kilo.

Ngati muli pa msewu wa kunyanja ndipo alendo ndi gawo lalikulu la malonda anu, onjezani makina a khadi pa zimenezi.

Ndipo ngati muli ndi makauntala awiri kapena kupitirira, mumapakira maswiti ndi mtedza wa shuga m'mapaketi anu, mumaperekera m'malo ogona alendo, muli ndi sola kapena invetala kale, ndipo munalembetsa VAT, sikelo ya malebulo ndi kompyuta ndi zanu. Yambani ndi ku MRA, kenako pangano lolemba ndi wodzakonza, ndipo malebulo a miyezi itatu abwere limodzi ndi makinawo.